YISITI WOKANA MANKHWALA: CILEMBO CIMODZI CIKASINTHA, MAPIRITSI ALEKA KUGWIRA

Akulu-akulu ambiri m'midzi mwathu akali kukumbukira masiku amene munthu akadwala malungo anali kupatsidwa mapiritsi owawa aja a chloroquine, ndipo popita masiku atatu anali kubwerera ku munda. Akumbukiranso kuti inafika nthawi imene mapiritsi omwewo analeka kuciza, kotero kuti ana anali kumwalira ngakhale atamwa mankhwala onse monga anauzidwira ku cipatala. Mapiritsiwo anali omwe aja a kale. Cimene cinasintha ndi kacirombo ka malungo, ndipo kaamba ka ici Boma linasiya chloroquine ndi kuyamba kupereka Coartem kuyambira m'caka ca 2003.

Lero akatswiri a za umoyo ali ndi nkhawa yonga yomweyo pa mankhwala ena ochedwa fluconazole, amene amaperekedwa pa matenda obwera ndi yisiti. M'mwezi wa October 2022, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linafalitsa kwa nthawi yoyamba mndandanda wa mitundu 19 ya tizirombo ta fuko la bowa timene tiopsa miyoyo ya anthu. Mitundu inai inaikidwa pamwamba peni-peni monga yoopsa koposa, ndipo itatu mwa inaiyo ndi yisiti. Maina ace ndi Cryptococcus neoformans, Candida albicans ndi Candida auris.

Nkhani iyi ikhudza ife a kumidzi kwambiri, cifukwa pa mankhwala onse olimbana ndi yisiti wolowa m'kati mwa thupi, fluconazole ndiye wochipa, ndiye womwa ndi pakamwa, ndiponso ndiye amene afika msanga ku makiliniki akutali. Akaleka kugwira nchito, otsalawo ndi odula ndipo ambiri a iwo afuna kuti wodwala agonekedwe m'cipatala cacikulu. Tiyeni tsono tione m'mene mankhwalawa amagwirira yisiti, ndi m'mene yisiti amapulumukira.

YISITI NDI CIANI?

Amai ophika mabanzi ndi zitumbuwa zotupa amamdziwa yisiti wa m'mapaketi. Ofulula mowa nawonso amagwira naye nchito ngakhale samuona, pakuti ndiye amasandutsa zotsekemera za cimera kukhala ukali wa mowa ndi kutulutsa thobvu. Yisiti ndi camoyo. Ndi mbale wace wa bowa ndi cuku, koma thupi lace lonse ndi kacipinda kamodzi kokha kochedwa selo, kakang'ono kosaoneka ndi maso. Amaberekana mwa kuphuka kamwana pambali pace, ndipo yisiti wa buledi akapeza cakudya cokwanira, m'modzi amakhala awiri pasanathe maora awiri.

Yisiti wa buledi ndi wa mowa sadwalitsa munthu wa thanzi. Koma ali ndi abale ace amene amadwalitsa. Candida albicans amakhala m'kamwa, m'matumbo ndi m'njira ya amai mwa anthu ambiri popanda kubvuta. Thupi likafooka, kapena munthu akamwa makapisozi opha mabakiteriya kwa nthawi yaitali, iye amaculuka nayambitsa zoyera-yera pa lilime ndi kum'mero, kapena kuyabwa kwa amai kumene kumadza ndi zoyera zonga mkaka woundana.

Cryptococcus ndiye woopsa kopambana kwa ife. Amapezeka m'dothi, m'zitosi za nkhunda ndi m'mphako za mitengo, ndipo ofufuza anampeza m'mitengo ya tsanya, imene ena amaicha mupani, m'Botswana ndi muno m'Zambia. Tonse timampuma ndi mpweya, ndipo sacoka kwa munthu kupita kwa mnzace. Thupi lolimba limamgonjetsa mwakacete-cete. Koma mwa munthu amene HIV yafooketsa kwambiri citetezo cace, yisiti uyu amacoka m'mapapo nakalowa ku bongo, kumene amayambitsa mtundu wina wa matenda oumitsa khosi. Akatswiri anawerengera kuti m'caka ca 2020 anthu pafupi-fupi 152,000 pa dziko lonse anadwala matendawa, ndipo 112,000 anamwalira. Ndiye kuti pa anthu asanu ali onse omwalira ndi matenda odza ndi Edzi, pafupi-fupi m'modzi anaphedwa ndi yisiti ameneyu, ndipo oculuka a iwo anali a muno m'Africa.

M'MENE MANKHWALA AMAGWIRIRA

Selo la yisiti liri ndi khungu lopyapyala limene limasunga za m'kati kuti zisatayike. Kuti khungu iri likhale lolimba, pafunika mafuta ena ochedwa ergosterol. Yisiti amadzipangira yekha mafutawa, ndipo pa nchito imeneyi ali ndi tizipangizo tace tamoyo tochedwa maenzaimu. Enzaimu tingaiyerekeze ndi cigayo: cimanga cilowa kukamwa, ufa uturukira kwina. Cimodzi mwa zigayo zopanga ergosterol ciri ndi kamphako kakuya, ndipo pansi pa kamphakoko pali kacidutswa ka citsulo konga kamene kamafiiritsa magazi athu. Pa citsulo pamenepo ndi pamene nchito yogaya imacitikira.

Fluconazole anapangidwa mwa msinkhu ndi maonekedwe akuti alowe m'kamphako aka. Akalowa, mbali yace imodzi imakakamira pa citsulo cija, mbali zina nizigwira zipupa za kamphako. Ali ngati citsononkho cimene timatsekera naco botolo la mafuta: cikakwana bwino pakamwa, palibe colowa kapena coturuka. Cigayo cikatsekeka motero, ergosterol amasowa, khungu la yisiti limafooka, ndipo yisiti amaleka kuberekana.

Pano pali mfundo yofunika kuisunga. Fluconazole kweni-kweni amaimitsa yisiti kuti asaculuke, ndipo nchito yomaliza kumupha imatsalira asilikari a m'thupi. Mwa munthu amene asilikari ace ndi ocepa, yisiti woimitsidwayo amakhalabe ndi moyo kwa nthawi yaitali ali m'kati mwa mankhwala. Nthawi yaitali imeneyo ndiyo imampatsa mpata wopeza populumukira.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangopanga mankhwala ena ambiri? Bvuto ndi lakuti selo la yisiti lifanana kwambiri ndi selo la munthu m'kapangidwe kace, kusiyana ndi mabakiteriya amene ali kutali nafe. Cimene cipha yisiti kawiri-kawiri cimapwetekanso munthu. Ndico cifukwa cace mafuko a mankhwala olimbana ndi yisiti wa m'magazi ndi wa ku bongo ali anai okha odziwika: fuko la fluconazole ndi anzace, amphotericin B, flucytosine, ndi fuko latsopano la caspofungin limene linayamba kugwiritsidwa nchito m'caka ca 2001. Ndipo fuko lomalizali siligwira Cryptococcus.

CILEMBO CIMODZI

Camoyo ciri conse cimanyamula malangizo a cibadwa cace m'kati mwa maselo ace. Malangizowa analembedwa pa kaulusi kotalika kochedwa DNA, ndi zilembo zinai zokha zimene akatswiri amazicha A, C, G ndi T. Cigawo ca kaulusiko cimene cifotokoza kapangidwe ka cipangizo cimodzi cimachedwa jini. Owerenga asasokoneze dzina iri ndi majini amene amachulidwa kwa asing'anga, pakuti awa ndi malangizo cabe, onga amene amacititsa mwana kufanana ndi atate wace. M'caka ca 1996 akatswiri a maiko ambiri anamaliza kuwerenga malangizo onse a yisiti wa buledi, ndipo anapeza zilembo pafupi-fupi 12 miliyoni ndi majini pafupi-fupi 6,000.

Jini la cigayo cathu cija limachedwa ERG11. Cigayoco cimapangidwa monga m'mene atsikana amatungira mikanda. Pali mitundu 20 ya mikanda imeneyi, yochedwa maamino asidi, ndipo zilembo zitatu ziri zonse za jini zimachula mkanda umodzi woti utungidwe. Cingwe ca cigayo ici ciri ndi mikanda yoposa 500, ndipo cikatha kutungidwa cimadzipinda-pinda mpaka kupanga thupi lokhala ndi kamphako kaja.

Nthawi iri yonse imene yisiti aphuka mwana, ayenera kukopera zilembo zace zonse kuti ampatse mwanayo. Kukoperako kumayenda bwino kwambiri, koma mwa kamodzi-kamodzi cilembo cimodzi cimalembedwa molakwa. Zolakwa zambiri sizisintha kanthu, ndipo zina zimapundula yisitiyo. Koma m'thupi la wodwala m'modzi mumakhala yisiti mamiliyoni ambiri-mbiri, kotero kuti pakati pao sipalephera kupezeka wina amene colakwa cace cagwera pa malo omuthandiza.

Citsanzo codziwika bwino ciri pa mkanda wa nambala 132 mwa Candida. Pa malo amenewa pamakhala mkanda wochedwa tyrosine. Cilembo A cikalembedwa T pakati pa zilembo zitatu zochula mkandawo, pamalowa mkanda wina wochedwa phenylalanine. Akatswiri amalemba kusinthaku mwacidule kuti Y132F. Mikanda iwiriyi ifanana pafupi-fupi m'zonse, kupatula kuti woyamba uli ndi kadzanja kakang'ono kumapeto kwace kamene waciwiri ulibe.

Nchito ya kadzanja aka inaoneka bwino m'caka ca 2016, pamene ofufuza a pa University of Otago m'dziko la New Zealand anaika kusintha komweku mwa yisiti wa buledi, najambula cigayoco ndi makina amphamvu ciri ndi mankhwala m'kati. Anaona kuti kadzanja kaja kamagwira kadontho kamodzi ka madzi, kocepetsetsa kosatheka kukagawanso, ndipo kadonthoko nako kamagwira fluconazole. Kadzanja kakasowa, mgwirizano umenewu umasokonezeka ndipo mankhwala amakhala ogwede-gwede m'kamphako. Cigayo cimapitirizabe kugaya, cifukwa kusinthako ndi kwakung'ono kosaononga nchito yace. Ici ndico cimene yisiti amapindula naco: pakamwa pa botolo pasintha pang'ono pokha, mafuta aturuka bwino, koma citsononkho sicikwananso.

Ofufuza omwewo anapezanso cinthu colimbitsa mtima. Mankhwala ena a fuko lomwelo, monga itraconazole ndi posaconazole, ali ndi mcira wautali umene umagwira zipupa pa malo ena ambiri, ndipo sadalira kadontho ka madzi kaja. Amenewa anapitiriza kugwira yisiti wosinthikayo. Motero yisiti wokana mankhwala amodzi angathe kugonja kwa ena. Koma kuti dotolo adziwe oyenera, pafunika labotale yokhoza kuzindikira mtundu wa yisiti ndi kumuyesa ndi mankhwala osiyana-siyana.

NJIRA ZINA ZOPULUMUKIRA

Kusintha kamphako ndi njira imodzi cabe. Kusintha kwina kwa cibadwa kumacititsa yisiti kupanga zigayo zambiri kuposa masiku onse, kotero kuti mankhwala amatseka zina koma zina zimatsala ziri kugaya. Kwinanso kumaculukitsa timapampu ta pa khungu lace timene timatapa mankhwala olowa ndi kuwataya kunja, monga munthu wokapa madzi m'bwato lobooka.

Cryptococcus ali ndi njira yace yocititsa cidwi. Malangizo a cibadwa amasungidwa m'mitolo yochedwa makromosomu, ndipo mwa yisiti uyu jini la cigayo ndi jini la pampu onse awiri ali mu mtolo woyamba. Pakati pa maselo ambiri mumapezeka ocepa amene ali ndi mitolo iwiri yoyamba m'malo mwa umodzi, ndiye kuti ali ndi zigayo zambiri ndi mapampu ambiri nthawi imodzi. M'caka ca 2019 kunafalitsidwa zotsatira za kufufuza kumene kunacitika pa odwala a ku Tanzania. Kunaoneka kuti mwa odwala olandira fluconazole yekha, maselo okana mankhwala anali kuculukira-culukira m'madzi a ku msana masiku akamapita. Koma mwa odwala amene analandira fluconazole pamodzi ndi flucytosine, maselo amenewa anaponderezedwa.

Flucytosine naye ali ndi pofooka pace. Iye amalowa mwa yisiti kudzera pa kakhomo kena, ndipo yisitiyo amamusandutsa yekha kukhala poizoni woononga malangizo ace. Kusintha kumodzi kokha kumene kuononga kakhomoko, kapena cipangizo cosandutsaco, kumapulumutsa yisiti. Ndico cifukwa cace madotolo sapereka flucytosine payekha. Koma ndi cinthu cosowa kwambiri kuti selo limodzi likhale ndi kusintha kokana mankhwala awiri osiyana pa nthawi imodzi. Makolo athu anati cala cimodzi siciswa nsabwe, ndipo pa matenda awa mau amenewa ndi oona ndithu.

MANKHWALA AMANGOSANKHA

Kawiri-kawiri timamva anthu akuti, "Thupi langa lazolowera mankhwala awa, ndiye sandigwiranso." Ena amati mankhwala a masiku ano ndi osungunula. Zoona zace ndi zakuti cimene cimasintha ndi yisiti, ndipo mankhwala samphunzitsa kusinthako. Zolakwa za kukopera zimacitika zokha, mankhwala alipo kapena palibe. Nchito ya mankhwala ndi yonga ya sefa. Amagwetsa ofooka onse ndi kusiya olimba ocepa aja, ndipo olimbawo, popeza opikisana nao pa cakudya acoka, amaberekana mpaka kudzaza malo onse.

Pamene mankhwala ali okwanira m'magazi, ndiponso pamene asilikari a m'thupi ayamba kubwerera kaamba ka ma ARV, ngakhale olimba pang'ono aja amagonja. Ngozi imadza pamene mankhwala ali ocepa: munthu akamwa lero nalumpha mawa, akagawana mapiritsi ace ndi mbale wace, akaleka pakati cifukwa mutu wasiya kuwawa, kapena kiliniki ikakhala masabata angapo yopanda mankhwala. Mlingo wocepa umenewo ndi wokwanira kupondereza ofooka koma ndi wosakwanira kugonjetsa olimba. Munthu wotere matenda akambwerera, amabwera ndi yisiti wosiyana ndi uja woyamba.

MLENDO WA M'ZIPATALA

Candida auris, wacitatu pa maina aja, aonetsa kumene nkhaniyi ingatifikitse. Anadziwika koyamba m'caka ca 2009 atapezeka m'khutu la wodwala wina ku Japan, ndipo liu lakuti auris m'Cilatini litanthauza khutu. Pasanapite zaka khumi anali atapezeka m'zipatala za maiko ambiri. Amakakamira pa khungu, pa mabedi ndi pa zipangizo za m'cipatala kwa masabata, ndipo amalowa m'magazi a odwala mwakaya-kaya amene ali ndi mapaipi m'mitsempha. Munthu wa thanzi wolima m'munda mwace alibe cifukwa comuopera.

M'caka ca 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atayesa yisiti uyu wocokera mwa odwala 54 a ku Pakistan, India, South Africa ndi Venezuela. Pa 100 ali onse, 93 anali okana fluconazole. Atawerenga jini la ERG11, anaona kuti dera liri lonse linali ndi kusintha kwace: ku India ndi Pakistan kunali pa mkanda wa 132 kapena wa 143, ku Venezuela pa wa 132, ndipo ku South Africa pa wa 126. Ici cionetsa kuti yisiti wa maiko otalikirana anapeza populumukira payekha-payekha, koma onse pa cigayo cimodzi-modzi comwe. Kuli konse kumene mankhwalawa agwiritsidwa nchito kwambiri, sefa ndi yomweyo ndipo zotsala m'sefa zimafanana.

Ku South Africa, m'zaka za 2016 ndi 2017, Candida auris ndiye anayambitsa matenda 14 pa 100 ali onse a Candida wa m'magazi. Popeza odwala athu ena amapita ku South Africa ndi ku India kukafuna thandizo, zipatala zathu zikulu-zikulu ziyenera kukhala maso pa ukhondo ndi pa kuyesa odwala obwerera kucokera kumeneko.

ZIMENE ZINAPHUNZIRIDWA MUNO M'ZAMBIA

Dziko lathu linalipira mtengo waukulu pophunzira za matenda oumitsa khosi odza ndi Cryptococcus. M'caka ca 2001 madotolo a pa University Teaching Hospital mu Lusaka anafalitsa mbiri ya odwala 230. Mwa iwo, 130 analandira fluconazole yekha ndipo 100 sanalandire mankhwala olimbana ndi yisiti konse. Theka la olandira fluconazole linali litamwalira pofika tsiku la 19, pamene theka la osalandira linali litamwalira pofika tsiku la 10. Pomatha miyezi isanu ndi umodzi, onse 230 anali atamwalira. Sitinganene kuti imfa zonsezi zinadza ndi kukana mankhwala, pakuti masiku amenewo ma ARV anali asanafike kwa anthu wamba. Koma zinaonekeratu kuti fluconazole payekha ndi wocepa mphamvu pa yisiti wofika ku bongo.

M'caka ca 2018 kunaturuka zotsatira za kuyesa kwakukulu kochedwa ACTA, kumene kunacitika pa odwala oposa 700 m'Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon. Pa odwala amene analandira amphotericin B pamodzi ndi flucytosine kwa sabata imodzi, omwalira pofika masabata 10 anali 24 pa 100 ali onse. Pa amene anamwa mapiritsi okha-okha a fluconazole ndi flucytosine pamodzi kwa masabata awiri, omwalira anali 35 pa 100. Manambala awa ndi akulu ndithu, koma m'zipatala za ku Malawi kumene fluconazole anali kuperekedwa yekha m'zaka za m'mbuyomo, oposa theka anali kumwalira m'nthawi yonga yomweyo.

Kuyesa kwina kochedwa AMBITION, kumene kunacitika m'Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe ndi kufalitsidwa m'caka ca 2022, kunaonetsa kuti diripu imodzi yokha yamphamvu ya amphotericin B wokutidwa m'mafuta, yotsatana ndi masabata awiri a flucytosine ndi fluconazole, iciza bwino mofanana ndi njira yakale ya sabata yathunthu, ndipo zobvuta zace m'thupi, monga kucepa kwa magazi, ndi zocepa. M'caka comweco World Health Organization inabvomereza njira imeneyi kukhala yoyamba kusankhidwa. Amphotericin B sadalira cigayo cija. Iye amagwira ergosterol weni-weniyo pa khungu la yisiti ndi kumupha, ndipo yisiti wofuna kumukana ayenera kusintha mafuta a khungu lace lomwe, cinthu cimene cimamfooketsa. Ndico cifukwa cace mankhwala awa, ngakhale anapezeka kale m'zaka za m'ma 1950, akali amphamvu pa Cryptococcus kufikira lero.

UDINDO WA ALI YENSE

Pamene njira yociza yadziwika, funso latsala ndi lakuti kodi mankhwala onse atatu afika pamodzi kumene kuli wodwala? Kwa zaka zambiri flucytosine sanali kupezeka m'maiko ambiri a m'Africa, ndipo madotolo anali kukakamizika kupereka fluconazole yekha. Cipatala cimene ciri ndi mankhwala amodzi mwa atatuwo cimaciza ocepa, ndiponso cimasefa yisiti wolimba mosadziwa. Kucepa kwa thandizo la maiko akunja pa nchito za HIV kumene kunayamba m'caka ca 2025 kuonjezera kulemera kwa funso iri, pakuti munthu ali yense woleka ma ARV abwerera ku ngozi ya matenda oumitsa khosi. Unduna wa za Umoyo ndi bungwe logawa mankhwala la ZAMMSA ali ndi nchito yoonetsetsa kuti mankhwalawa sasowa m'zipatala za m'maboma, ndipo bungwe la ZAMRA liri ndi nchito yoletsa kugulitsa mankhwala m'misika ndi m'tumashopu topanda cilolezo.

Mbali yathu ife a m'midzi nayonso ndi yaikulu. Coyamba ndi kuyezetsa HIV msanga ndi kusaleka ma ARV, cifukwa thupi lolimba ndilo limamaliza nchito imene fluconazole waiyamba. Munthu amene wapezeka ndi asilikari ocepa kwambiri m'magazi, kapena amene wabwerera atasiya ma ARV kwa nthawi, afunse za kuyesa magazi kumene kumaonetsa Cryptococcus asanafike ku bongo. Kuyesaku ndi kwa kanthawi kocepa, ndipo yisiti wopezeka msanga sabvuta kugonjetsa.

Caciwiri, mutu wowawa masiku ambiri osaleka, maka-maka ukadza ndi kusanza, kuuma khosi, kusaona bwino kapena kusokonezeka maganizo, ndi wothamangira nao ku cipatala tsiku lomwelo. Mabanja ambiri amakana kuti wodwala atengedwe madzi a ku msana, poganiza kuti nyeleti imeneyo ndiyo imapha. Amene amamwalira atatengedwa madziwo amaphedwa ndi matenda amene anafika nao mocedwa. Kutenga madzi kumeneko ndiko kumaonetsa mtundu wa kacirombo, ndiponso kumacepetsa madzi opanikiza bongo amene amawawitsa mutu ndi kucititsa khungu.

Cacitatu, wocira matendawa amapitiriza kumwa fluconazole kwa miyezi yambiri, kawiri-kawiri caka cathunthu kapena kuposa, kufikira adotolo atanena kuti aleke. Osamalira odwala aonetsetse kuti tsiku silidumphidwa, ndi kuti akatenge mankhwala ena akale asanathe, maka-maka nyengo ya dzinja isanatseke miseu. Mapiritsi amenewa asagawiridwe wina. Amai omva kuyabwa asamangogula piritsi limodzi-limodzi pa msika mwezi ndi mwezi, pakuti kuyabwa kwina sikucokera kwa yisiti, ndipo kumwa kotere ndiko sefa imene tafotokoza. Amai oyembekezera ayenera kucenjera koposa, cifukwa fluconazole angathe kupweteka mwana ali m'mimba.

Alimi nawonso nkhaniyi iwakhudza. Mankhwala ena opopera mbeu pa matenda a masamba, monga tebuconazole ndi propiconazole, ndi a fuko limodzi ndi fluconazole ndipo amatseka cigayo comweco. Ku Netherlands akatswiri anapeza kuti cuku cina cochedwa Aspergillus, cimene cimadwalitsa mapapo, cinayamba kukana mankhwala a m'cipatala mwa odwala amene sanamwepo mankhwalawo, ndipo umboni unaloza ku mankhwala a m'minda. Popopera tsono tsatani mlingo wolembedwa pa botolo, poperani pokha-pokha pamene matenda aoneka kapena alangizi a zaulimi alangiza, ndipo muzisinthanitsa mafuko a mankhwala.

Pamene Malawi inasiya chloroquine m'caka ca 1993, kacirombo ka malungo kokana mankhwalawo kanacepa pang'ono-pang'ono mpaka kusowa mu Blantyre pasanathe zaka khumi. Cryptococcus naye amataya mtolo wace woonjezera uja mankhwala akacotsedwa. Koma kusintha kwa cilembo cimodzi konga Y132F kumapatsidwa kwa ana ndi adzukulu a yisitiyo, ndipo m'maiko amene Candida auris anakhazikika m'zipatala, madotolo analeka kudalira fluconazole pa iye. Dziko linatha kusiya chloroquine cifukwa Coartem analipo wolowa m'malo. Pa kiliniki ya kumudzi, piritsi lochipa lolowa m'malo mwa fluconazole pa matenda a ku bongo palibe. Tiyeni tsono tisamale amene tiri nayeyu, pomwa mokwanira, pa nthawi yace, ndiponso pokha-pokha pamene a cipatala alamula.